Ndisanadine

Chiperoni chagwira Limbe kuyambira m'mawa,
galasi la foni lachita thukuta.
Ndalipukuta ndi nsonga ya chitenje,
ndaima pakhonde la sitolo yotseka,
msana kukhoma,
poti kuseri kwa phewa kumamera maso.

M'kafoni aka muli miyezi isanu ndi iwiri ya kaunjika:
majekete omwe ndinakuwira mpaka mawu kusasa,
belo lija lomwe linatuluka sanza zokhazokha,
masana onse omwe ndinadya chinangwa ndi madzi.
Zonsezo zasanduka kamzere ka manambala
kopepuka kuposa nthenga.

Kale ndinkazimanga pamfundo, m'chiuno,
mpaka tsiku lija pa Wenela
pomwe lumo linandipatsa moni osatchula dzina.
Ndinafika kunyumba ndi mfundo yokha.
M'minibasi sindinalire.
Ndinakalirira kubafa.

Lero ndikulipira malata makumi atatu
kwa a Likoswe a ku Chirimba,
denga la nyumba yanga ya ku Machinjiri
yomwe yakhala kukamwa yasa zaka ziwiri.
Nambala ya akaunti analemba okha
kuseri kwa lisiti, ine ndikuona.
Dzulo kunagwa uthenga: tasintha akaunti, tumizani kuno.
Ndinawaimbira pa nambala yawo yakale ija.
Anati: ine? Ndasintha malaya okha, mayi.

Ndiye ndikuwerenga.
Ziro, wani, folo, folo.
Seveni wawo amaoneka ngati wani wovala chipewa.
Ndiyambirenso, ulendo uno kuchokera kumchira.
Nambala imodzi ikaterereka
malata anga akafolera mlendo wa ku Karonga
yemwe sadzanena n'komwe zikomo.

Foni ikulira.
Mawu osalala ngati sopo wonyowa:
Mayi Nasimango, ndine wa ku banki,
akaunti yanu ili pangozi,
tandiwerengereni manambala omwe angolowa kumene pafoni panu.
Akudziwa dzina langa. Mtima wagunda kukhosi.
Koma dzina langa amalidziwa
ngakhale kondakitala wa ku Bangwe.
Ndati: achimwene, kiyi wa kuchipinda
sindipereka kwa mawu opanda nkhope.
Ngati muli ku banki khalani pomwepo,
ndikubwera, tikaonana pakauntala.
Wadula.
Ngozi ija yatha yokha.

Manambala anga anayi achinsinsi
si chaka chomwe ndinabadwa,
si tsiku lomwe ndinachira Zione.
Sali papepala, sali m'Baibulo.
Bambo akunyumba anafunsa kamodzi,
ndinawathirira tiyi.
Ndikuwalemba dzanja lina litaphimba
monga umatchingira moto wa machesi kumphepo.

Dzina latuluka: Likoswe, W.
Ndi iwo. W ndi Wedisoni.
Maziro ndawawerenga ndi chikhadabo,
atatu, osati anayi.
Ndapuma.
Ndadina.

Kagudumu kakuzungulira.
Kakuzungulirabe.
Netiweki yapita kukagula chiyani?
Chala chikuyabwa kuti chidinenso,
ndachiluma:
wodina kawiri amafolera nyumba ziwiri.
Mnyamata wootcha chimanga akundiyang'ana
ngati ndikupemphera.
Mwina ndikupempheradi.

Kenako kauthenga, kobo!
Ndakawerenga konse, mpaka nambala yaitali ya kumapeto.
Sindikafufuta mpaka msomali womaliza utalowa.
Foni ikuliranso, nambala yakale ija,
kumbuyo kwake zitsulo zikukangana:
zalowa, mayi, lole ibwera Lachinayi,
pezani anyamata otsitsa.

M'chiuno mulibe kanthu,
ndipo palibe yemwe wandibera.
Ndatsala ndi ya minibasi, ya tomato,
ndi ya chimanga chimodzi cha mnyamata uja.
Chiperoni chikadali kuwaza.
Ndikutsetsereka kupita kusiteji, osafunda,
ndikumvetsera kale
mmene chidzamvekere pamalata.